Banga la Mafuta a Mandasi

MUTU WACHINAYI

1. Nkhani ya pa wailesi

Nkhaniyo idatuluka pa wailesi Lolemba m'mawa, Chisangalalo akupesa tsitsi kukonzekera kusukulu. Wolengeza adati buku lachiwiri la nkhani ya Nagama latha kulembedwa, dzina lake ndi Chingwe cha Nagama, ndipo likhazikitsidwa Loweruka la sabata ya mawa mumzinda wa Lilongwe momwemo.

Chipeso chidagwa pansi. Mtsikanayo adangoima chiimire, maso ali pa wailesi, kudikira kuti mwina abwereza.

Ku Kawale kudalibe mwana wa sekondale amene sadamvepo za Chitsime cha Nagama. A Enerst Kamphinda adalemba bukulo kalekale, mayi ake a Chisangalalo akadali ku pulayimale. Linkasimba za chitsime cha m'mudzi wina chimene chinkaitana anthu ndi mayina awo dzuwa likapendeka. Woyankha sankaonekanso.

Pa tsamba lomaliza, mtsikana wina dzina lake Ndaziona adaponya ndowa m'chitsimemo. Pokoka, chingwe chidalemera. Ndowa itayandikira, adaona zala zitagwira m'mphepete mwake, ndipo pamkonopo padali chibangili cha mayi ake amene adasowa. Buku lidathera pomwepo.

Kuyambira nthawi imeneyo owerenga adagawikana pawiri. Ena ankati Ndaziona adataya chingwe n'kuthawa. Ena ankati adakoka. Amene adauyamba mkanganowu ali anyamata tsopano adali ndi imvi, ndipo ana awo adautola n'kupitiriza. A Kamphinda okha ndiwo adakhala chete zaka zonsezo.

Kusukulu tsikulo masamu sadalowe m'mutu mwa munthu. Pa buleki ana adaunjikana pansi pa mtengo wa keshya, aliyense ndi zake. Wotsogolera phokoso adali Favour, mtsikana wa Fomu 3 ngati Chisangalalo, amene makolo ake adachokera ku Mulanje. Favour ndiye ankayendetsa gulupu ya pafoni ya kalabu ya owerenga, yotchedwa Ana a Nagama, ndipo ndiye adali mfumu ya otaya chingwe.

Chisangalalo adali m'gulupumo, koma adali asanalembemo ngakhale moni. Kamodzi kokha, chaka chatha, adanenapo chapansipansi kuti Ndaziona sakadasiya mayi ake m'madzi. Favour adatembenuka ndi nkhope yodabwa, nati, “Amwali, kani inunso mumayankhula?” Kalasi yonse idaseka. Chichokereni tsikulo maganizo ake ankawasunga yekha.

2. Mtolo wa Lachisanu

Chimwalirireni bambo awo, nyumba ya kwa a Chisangalalo idatsamira pa zinthu ziwiri. Choyamba chidali chiwaya cha mayi, amene anthu ankawatcha amake Jere, okazinga mandasi pa siteji ya minibasi. Chachiwiri, chachikulu, idali ntchito ya mlongo wake Jeremiah, woyendetsa makina pa kampani ina yosindikiza mabuku ku Kanengo.

Lachisanu lililonse Jeremiah ankabwera ndi mtolo wa mapepala otayidwa: makalendala olakwika, mapulogalamu a ukwati osokonekera mayina, zikwangwani za misonkhano yopita kale. Bwana wake adamuloleza yekha kuti azitenga, mayi ake azikulungira mandasi. Amake Jere nawo sankaiwala. Nthawi ndi nthawi ankampatsira Jeremiah kaphukusi ka mandasi otentha kuti akasiye pa tebulo la bwana.

Sabata imeneyo Chisangalalo adamuvutitsa mlongo wake ndi funso limodzi. Kodi buku la a Kamphinda silikusindikizidwa kwa iwo? Jeremiah ankangoti iwo amasindikiza makalendala a mabungwe a maliro basi, kenako n'kuyamba kuimba mluzu. Mluzuwo ndiwo udamukayikitsa Chisangalalo, chifukwa Jeremiah ankaimba mluzu pokhapokha akamabisa kanthu.

Lachisanu limenelo ku Kanengo magetsi adazima nthawi yoweruka. Jeremiah adalowa m'kachipinda kosungira mapepala muli mdima, napapasa mtolo umene udali pafupi ndi chitseko, n'kuthamangira minibasi. Kunyumba adauponya pansi pa tebulo monga mwa masiku onse. Palibe adaumasula.

3. Dzina pansi pa mafuta

Loweruka m'mawa Chisangalalo adali pa benchi ya mayi ake. Ntchito yake idali yokulunga mandasi. Mayi ankakazinga kumbuyo kwake. Malonda adayamba bwino. Adagula wakabaza wa chipewa chofiira. Adagula mayi wa pa saluni. Adagula ana a kwa a Hanifa, kenako a Grain, nkhalamba ya kuseri kwa tchalitchi. Mtsikanayo ankangosolola pepala n'kukulunga osayang'ana, mtima uli ku chitsime.

Anthu atachepako, adasolola pepala lina, naikapo mandasi ake a m'mawa. Atanyamula kuti alume, pa pepalapo padatsala banga la mafuta lozungulira. Mkati mwa bangalo mudali dzina. Ndaziona.

Adapukuta maso, nawerenga.

“Ndaziona sadataye chingwe. Adaponda mwala wa pakamwa pa chitsime, nakoka. Lidatuluka dzanja, kenako phewa, kenako nkhope imene adaidziwa chibadwire. ‘Wachedwa, mwana wanga,’ adatero mayi ake, madzi akutuluka m'kamwa. ‘Koma usafulumire kukondwa. Kumwendo kwangaku wandigwira wina, ndipo iyenso kumwendo kwake’”

Tsamba lidathera pomwepo. Pakona yake yam'munsi padali siginecha ya Jeremiah, yolembedwa ndi bolopeni.

Mantha ndi chimwemwe zidamugwira nthawi imodzi, mwakuti adadzitseka pakamwa ndi dzanja kuti asakuwe. Adakoka. Ndaziona adakoka. Zimene anthu a imvi adamwalira osazidziwa, iye ankazidziwa, ndipo zidabwera zokha pansi pa mandasi.

Adawanong'oneza mayi ake. Poyamba amake Jere sadaonepo chachilendo. Adati pepala ndi pepala, bola lisadonthe. Koma ataona siginecha ya mwana wawo, adaphula chiwaya n'kuimba foni.

Jeremiah adali kuntchito, chifukwa Loweruka ankaweruka masana. Atamva, adafotokoza zonse. Amenewo adali mapepala oyesera makina, a buku la a Kamphinda ndithu. Woyendetsa makina amasaina pepala lililonse loyesera, ndipo onse amayenera kuduliridwa m'makina odulira, osatuluka pa geti. Iye adasokoneza mitolo mumdima muja. Bwana adachenjeza kale antchito onse kuti mzere umodzi wokha ukatuluka tsiku lokhazikitsa lisanafike, mwini siginecha anyamula chikwama chake tsiku lomwelo.

“Chisa,” adatero pomaliza, “tola onse amene apita. Usawerenge, usaonetse munthu. Ndakugwira mwendo.”

Amake Jere adamanga mtolo wotsala m'chitenje n'kuukhalira. Pepala la banga lija lidatsala ndi Chisangalalo, amene adalibisa mu bulauzi. Kenako mayi adamugwira mwana wawo pamkono.

“Tamvera, iwe Chisa. Ine za zitsime zoyankhulazo sindizidziwa, ndipo sindizifuna. Chimene ndikudziwa n'chakuti bwana wa mlongo wako anatikhulupirira. Mapepala awa satipatsa chifukwa ndife abale ake ayi. Anaona kuti Jeremiah ndi mwana wa manja oyera. Ukaona nyali ikuyaka m'nyumba muja, ukaona yunifolomu ili pathupi pako, dziwa kuti ndi msana wa mlongo wako umenewo. Ntchito m'tauni muno ili ngati mpando wa m'minibasi. Ukangonyamukapo, wina wakhalapo kale. Ndakuona mmene maso akukuwalira. Chimwemwe chimenecho ndicho chikundiopsa ine, chifukwa mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pita ukatole mapepalawo, ubwere nawo kuno, pakamwa pali potseka.”

4. Kusaka mapepala

Munthu wosayankhula amaona zambiri. Chisangalalo adawakumbukira onse amene adagula m'mawawo, ndi kumene aliyense adalowera.

Wakabaza wa chipewa chofiira adampeza pa mphambano, pepala lija atapukutira kale tcheni cha njinga. Mtsikanayo atapempha, bamboyo adaseka mpaka kutsokomola. Adauza anzake kuti kwa amake Jere zinthu zasintha, tsopano akulanda mapepala, mawa adzalanda mandasi ali m'mimba. Komabe adalitola pansi n'kumpatsa, lakuda bii.

Mayi wa pa saluni adati lake wayatsira mbaula, ndipo adamuonetsa phulusa. Chisangalalo adathokoza phulusalo ngati mphatso, mayiyo n'kutsala akudabwa.

Ana a kwa a Hanifa adali atapanga ndege, ndipo ndegeyo idali itatera padenga la oyandikana nawo. Idatsika ndi nsungwi yayitali, ana akuombera m'manja.

M'mawa umodziwo Chisangalalo adayankhula ndi anthu ambiri kuposa temu yonse yapitayo. Pepala lililonse ankalipinda zolemba zili mkati, n'kulibisa mu bulauzi. Sadawerenge, ngakhale maso ankaba okha mawu apo ndi apo: mphasa, chibangili, mapazi onyowa pakhomo.

Podutsa pa kanyumba kometera adamva amuna akukangana. Wometa ankalumbira kuti Ndaziona adathawa, mashini ali m'malere, wometedwa akutsutsa mutu uli wometedwa mbali imodzi. Chisangalalo adagwira pachifuwa pomwe padali mapepala, nadutsa akumwetulira yekha. Kawale yense adali mumdima, kupatula iye. Miyendo idapepuka ngati ya mwana wa mbuzi.

5. Pakhonde la a Grain

Lomaliza lidali kwa a Grain. Bambowa adagwira ntchito ya mabasi moyo wawo wonse, koma tsopano maso adali atachita ng'ala. Ndiwo adamubwereka Chisangalalo buku loyamba lija, lachikuto chosokedwa ndi ulusi wakuda, ndipo Lamlungu masana mtsikanayo ankawawerengera pakhonde. Ankamuitana ndi mfunda wake, Nambewe.

Adawapeza akumwa tiyi, pepala lija atatsamiritsirapo kapu. Atapempha, a Grain adalikankhira kwa iye osafunsa. Koma makutu awo adali akuthwa.

“Nambewe, ukupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu, koma mawu akuseka. Watola chiyani?”

Chisangalalo adayang'ana uku ndi uku. Adagwada pafupi ndi mpando.

“Agogo, ndikudziwa zimene Ndaziona anachita. Ndikuuzeni?”

A Grain adakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu.

“Ayi, tseka pomwepo. Kumene wazitenga sindifunsa. Buku loyamba lija ndinaliwerenga ndili kondakitala, nditatsamira chitseko cha basi, mpaka tsiku lina tinapitirira siteji anthu akukuwa. Ndadikira mpaka maso atha. Anzanga amene tinkakangana nawo za chingwe, ambiri agona kumanda kuja osadziwa mathero. Ndiye ukuganiza kuti sabata imodzi ingandiphe ine? Mango othyola osapsa amangokupweteka mano, ndipo mwini mtengo umamulanda tsiku lake lokolola. Munthu uja wakhala zaka akuisamala nkhani imeneyi. Ndikufuna Loweruka likubweralo undigwire dzanja, tikaime ngakhale panja pa holo, mwiniwake atsegule yekha pakamwa.”

Adamwa tiyi pang'ono, napitiriza.

“China ndikuuze, mdzukulu wanga. Kwathu ku Dowa anyamata amayatsa tchire mwezi wa Okutobala. Ukawafunsa amati tikungofuna mbewa imodzi. Koma moto sufunsa kuti malire a munda wako ali pati. Umapita kwa mnansi, umapita ku nkhokwe, umapita kumanda. Chinsinsi ndi chomwecho. Aliyense amati ndauza mmodzi yekha. Iwe wayamba kale kukhwatcha machesi pano pakhonde langa. Bwezera m'bokosi.”

Chisangalalo adati wamva. Adatsazika mwaulemu, mapepala onse ali pachifuwa.

6. Iwe wekha

Njira yobwerera idadutsa pa kiyosiki ya madzi. Pamenepo padali atsikana a kalabu, zigubu zili pamzere, onse atazungulira Favour. Iye ankalengeza kuti msuweni wake wa ku Area 25 ali ndi mnzake amene akudziwa zonse. Ndaziona adataya chingwe, adathawira ku tauni, ndipo m'buku latsopano akhala mayi wa ana atatu. Otaya chingwe adaimba nthungululu.

Chisangalalo adafuna kudutsa cham'mbali, koma Favour adamuona.

“Amwali a chete, bwerani mumve uthenga wa maliro. Mayi a Ndaziona wanu uja anasiyidwa m'madzi momwemo. Tikupepeseni liti?”

Atsikana adaseka. Chisangalalo adaima. Mapepala adali akumutentha pachifuwa.

“Anakoka,” adatero.

Mawuwo adatuluka okha, ndipo sadatuluke chapansipansi. Phokoso lidaduka. Wina adafunsa ngati Ndaziona wamuimbira foni, ndipo chiseko chidabwerera kuposa poyamba. Chisangalalo adafulumiza mapazi.

Favour adasiya chigubu n'kumutsatira. Iye adali wa pakamwa, koma sadali wopusa. Adaona kuti nkhope ya mnzakeyo si ya munthu wongoganizira. Adamukoleka dzanja m'khosi, mawu n'kufewa. Adati ankangocheza, asamutengere zakukhosi. Adati ngati pali umboni amuonetse iye yekha, ndipo adalumbira pali malemu agogo ake kuti sizipita kwina. Adalonjeza kuti akapezeka wolakwa adzapepesa pamaso pa kalabu yonse, ndipo Loweruka lokhazikitsa buku chikwangwani cha Ana a Nagama adzanyamula Chisangalalo, kutsogolo kwenikweni.

Chisangalalo adadzimasula. M'malo mopita ku siteji, adakhotera kunyumba, ati akamwe madzi.

M'nyumba mudali zii. Foni yake idalira pansi pa pilo. Udali uthenga wa Favour: “Ndikudikira, amwali. Kapena munangolota?”

Adatulutsa mapepala, nasankha lija la dzina pansi pa mafuta. Adaliyala patebulo. Siginecha ya Jeremiah idamuyang'ana pakona. Adaganiza pang'ono, kenako adapinda konayo kuti ibisike pansi. Adachotsa nsalu ya patebulo kuti munthu asaizindikire. Adaonetsetsa kuti ngakhale chala chake chisalowe m'chithunzi. Atajambula, adachiyang'ana bwinobwino. Padalibe dzina la munthu, padalibe la kampani. Adadziona wochenjera.

Chala chidaima pamwamba pa foni kwa kanthawi. Panja mwana wina ankakhwatcha machesi kuyatsira mayi ake mbaula.

Adalemba kuti, “Iwe wekha.” Adatumiza.

Kenako adanyamula mapepala onse, osasiya ngakhale limodzi, n'kukapereka kwa mayi ake. Amake Jere adawamanga m'chitenje pamodzi ndi ena aja. Adauza mayi wogulitsa tomato pambali pawo kuti mwana wawo ndi wa chete koma ukamutuma safuna kubwerezedwa.

7. Kawale ayaka

Dzuwa lisanafike pamutu foni idayamba kunjenjemera m'thumba la siketi. Siidalekenso.

Favour sadaike chithunzicho pa gulupu. Adasunga lumbiro lake mwa njira yake. Adangotumizira msuweni wake uja wa ku Area 25 kuti amuchititse manyazi, ndipo adalemba kuti iye yekha. Msuweniyo adatumizira mnzake uja, iye yekha. Pofika masana chithunzicho chidabwerera pa gulupu ya Ana a Nagama kuchokera kwa mnyamata wa ku Chinsapo amene Chisangalalo sankamudziwa n'komwe.

Gulupu idasefukira. Okoka chingwe ankavina ndi zithunzi. Otaya chingwe ena ankati n'zabodza, ena n'kusamukira mbali inayo mopanda manyazi. Mkangano watsopano udabadwa pomwepo: wagwira mwendo wa mayiyo ndani? Nanga winayo wagwidwa ndi yani? Chingwecho chitulutsa anthu angati? Ku Biwi, ku Area 23, ku Mgona, aliyense ankafunsa funso lomwelo. Wometa uja adatuluka panja foni ili m'manja, kuitana wometedwa wa m'mawa kuti abwere, iye wometayo amupepese.

Kenako Favour adalemba pa gulupu kuti wagonja, ndipo amene adadziwa zoona kuyambira kale ndi Chisangalalo.

Mauthenga adagwa ngati matalala. Chisa ndi dolo. Chisa ndi katundu. Chisa, tsamba lotsatira lili kuti? Anyamata awiri a Fomu 4, amene adali asanamupatsepo moni, adabwera ku benchi kudzagula mandasi, n'kumutchula dzina lonse. Polandira katundu wawo ankasuzumira pepala lokulungira, koma lidali nyuzi yakale imene mayi adapempha kwa wa tomato.

Amake Jere adati lero anyamata a sukulu agwidwa ndi njala yanji. Chisangalalo adaseka, ndipo kusekako kudali kwenikweni. Chibadwire adali asanamvepo dzina lake likuyenda pakamwa pa anthu chotere. Zidali zokoma ngati nzimbe.

Koma pansi pa kukomako padali kanthu kena kolemera. Adazembera kuseri kwa golosale n'kumuimbira Favour kuti afufute chithunzicho msanga. Favour adati iye wafufuta kale, koma kwa enawo kulibe chimene angachite. “Zapita, amwali. Koma mukuopa chiyani? Palibe dzina la munthu pamenepo.”

Chisangalalo adachiyang'ananso chithunzicho. Zoonadi, padalibe dzina. Adapuma, nabwerera ku benchi.

8. Khadi la anthu awiri

Jeremiah adafika dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu. Sadakhale pansi. Adamasula chitenje patebulo n'kuyamba kuona mapepala limodzilimodzi, milomo ikuyenda. Lakuda la wakabaza lidalipo. Landege lidalipo. Mayi adamufotokozera za lija lidapsa pa mbaula. Atafika kumapeto adadzigwetsa pampando, naseka chiseko cha munthu amene galimoto yamuphonya.

Adati tsiku lonse makina amawaona pawiri. Adati mawa lomwe, Lamlungu, akapempha mlonda amutsegulire, akawadule yekha mapepalawo munthu asanawaone. Amake Jere adasimba mmene Chisangalalo wazungulirira Kawale yense ndi miyendo, mpaka kukwera makoma a eni. Jeremiah adamugwedeza Chisangalalo paphewa.

“Iwe ndiye wandipulumutsa lero. Taona kuno.”

Adapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa khadi loyera, la zilembo zagolide. Lidali loitanira anthu ku mwambo wokhazikitsa buku. Bwana adapereka limodzi kwa aliyense woyendetsa makina, ndipo lidali lolowera anthu awiri, mipando ya kutsogolo.

“Ine za mizukwa sindigona nazo. Upite ndi agogo ako a Grain. Mukamuone Kamphinda wanuyo maso ndi maso.”

Adaliika patebulo. Chisangalalo adaliyang'ana, koma dzanja lidakana kunyamuka.

“Achimwene,” adayamba.

Foni ya Jeremiah idalira. Ataona dzina adaimirira, monga ankachitira nthawi zonse bwana akaimba. Sipika ya foniyo idali yowonongeka, yotulutsa mawu mokweza, choncho onse atatu adamva.

Bwana sadapereke moni. Adati mwana wake wamkazi wangomuonetsa kumene chithunzi pafoni, tsamba la buku la a Kamphinda, ndipo akuti lazungulira masukulu onse a mumzinda. Jeremiah adayang'ana mulu wa mapepala patebulo. Adafunsa mwaulemu ngati pa tsambapo pali siginecha ya munthu.

“Palibe,” adatero bwana. “Wojambulayo ndi wochenjera, wapinda kona. Koma pakati pa tsambalo pali banga la mafuta, lozungulira bwinobwino. Mabanga amenewa ine ndimawadziwa, Jeremiah. Amatsala pa tebulo langa ndikadya mandasi a mayi ako. Lolemba usapite ku makina. Ubwere ku ofesi kwanga. A Kamphinda akhalapo. Akuti akufuna alione ndi maso awo dzanja limene lawatsegulira chitsime chawo.”

Foni idaduka.

M'nyumba mudangomveka wailesi ya oyandikana nawo, ikubwereza chilengezo cha Loweruka. Jeremiah adaweramira patebulo. Adafufuza m'mulumo mpaka adapeza pepala la banga. Adalitembenuza. Mzere wopinda udali ukuonekabe pakona, pamwamba pa siginecha yake.

Amake Jere adakhala pansi pa simenti, manja ali pamutu. Sadakalipe. Adangomuyang'ana mwana wawo wamkazi.

Chisangalalo adaimirira. Mawu adatuluka omveka, ngati pa kiyosiki paja.

“Dzanjalo ndi langa, achimwene. Lolemba tipitira limodzi.”

Jeremiah adatola khadi lija patebulo, naliyang'ana nthawi yaitali. Kenako adalibwezera m'thumba la malaya, n'kutseka batani.